Wantchito wa Pepala wa Bwana Khoát

Nhàn anadziphunzitsa yekha kupanga zidole za pepala zimene anthu amaotchera akufa. Bwana Khoát, munthu wodziwika ndi kuzunza antchito, anaitanitsa kwa iye wantchito wa pepala woti akatumikire malemu bambo ake. Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi: chidole sachipatsa nkhope ya munthu wamoyo. Koma Nhàn, mtima utamuwira, anajambulapo nkhope ya bwanayo.

"Nayenso akalaweko ukapolo," anatero.

Kutada, anachikulunga m'nsalu, nachimangirira panjinga kukapereka. Pamlatho njinga inayamba kulemera. Kumbuyo kwake wina anatsokomola.

Pachipata anapeza mkazi wa bwanayo.

"Iwe, umachedwa kuti? Abwana agona chigonere kuyambira masana, sakudzuka. Bweretsa kuno, moto tayatsa kale."

Nhàn anagwira nsaluyo kuti amasule. Inali yofunda, ndipo inkapuma.