Chitenje cha Mvano ku Bangkok

Ketrina ankamwetsa agogo ena phala m'nyumba yosamalira okalamba ku Partick pamene kanema anaonetsa zipolowe za ku Bangkok. Supuni inaima m'malere. Mwamuna wake Eneya ankaphunzitsa Chingelezi kumeneko, ndipo dzana lomweli anamuletsa pafoni ulendo wokamuona.

"Musabwere kaye, kwavuta kuno. Kukachita bata ndidzakutengerani kumtsinje kumene amawotcha nsomba ngati kwathu."

Ketrina anafufuza m'khamu la pakanemapo, pemphero lili pamilomo. Anamuona, wamoyo, akuthawa utsi wokhetsa misozi, atagwira mkazi wa komweko dzanja. Mkaziyo anali atabereka khanda kumbuyo ndi chitenje, mfundo pachifuwa, maberekedwe akwathu enieni.

Chitenjecho chinali cha Mvano, chimene Ketrina anakulungira Baibulo la Eneya tsiku lonyamuka.

Agogo aja anayasamabe, kudikira. Ketrina anatapa phala naliuzira, ngakhale linali litazizira kale.