Makilomita a Bambo

Kachitatu konse wogulitsa anabwereza zomwezo, mawu atayamba kale kusasa. Makina onse awiriwo amagwira tayala lakumbuyo kuti munthu azipalasa njinga ali m'nyumba. Akumanzere ndi chitsulo basi. Akumanja ndi anzeru, amawerenga mtunda n'kutumiza pa foni.

"Tigule achitsulowa," anatero mayi, monga anali akunenera chilowereni m'sitolomo.

Mzime, mwana wawo womaliza, anausa moyo. Anali atayenda ulendo wa maola anayi, nsapato zikumupana, ndipo mphamvu zokangana zinali zitamuthera.

Bambo ake atachita sitiroko, dokotala sanapsatire mawu: akapanda kupalasa tsiku ndi tsiku mwendo uuma, ndipo ndodo idzasanduka chikuku. Poti Mzime amakhala kutali, anawagulira makina anzeru. M'mawa uliwonse foni yake inkalira. Makilomita atatu, kenako asanu, mwezi watha khumi. Ankaonetsa anzake kuntchito ngati akuonetsa zithunzi za khanda. Sabata yatha makinawo anapsa, foni n'kukhala chete.

Zoti mayi akana anzeruwo sanadabwe nazo. Amawadziwa bwino. Wailesi yakanema amaizimitsa pozula chingwe kukhoma, ndipo chilichonse chokhala ndi mabatani amachilambalala ngati njoka. Koma mantha awowo lero anali kuseweretsa mwendo wa munthu.

"Amayi, achitsulowa sandiuza kanthu. Ndizidziwa bwanji kuti bambo apalasa?"

"Uzibwera, uzidzaona wekha."

"Ntchito ndisiyire ndani? Bambo afika pa khumi, inu mukufuna abwerere m'mbuyo chifukwa cha mabatani?"

Wogulitsa anayamba kupukuta chishalo chomwe chinalibe fumbi. Mayi anafunafuna pokhala, n'kutsikira pang'onopang'ono pa katoni yomwe inali pakona. Mzime anawamvera chisoni, anaona kuti akalambadi chaka chino, koma sanagonje.

"Achimwene, timangireni anzeruwo."

Akutembenuka kuti atsatire wogulitsayo, mayi anamugwira mkono. Analankhula motsitsa, maso ali pansi.

"Mwanawe, ndichitire chifundo, mawondo anga atha. Bambo ako anakwerapo kamodzi kokha, analira, n'kulumbira kuti sadzabwererapo. Miyezi isanu yonseyi wopalasa ndakhala ndili ine, kuti iwe uko uzipeza tulo."