Nyenyezi ya Zigawenga

Che Amidu ankayanika zithunzi za ukwati pachingwe pamene mkazi wake, Abiti Bakali, analowa m'situdiyo ali wefuwefu, dengu lili lopanda kanthu.

"Bambo a Subira, kumsika kwaima Landirova. Muli a Tcheyamani ndi munthu wina wa suti yakuda. Akufunsa kumene amapezeka wojambula nyenyezi."

Wojambula nyenyezi m'Mangochi monse anali mmodzi.

Zinayamba masabata atatu m'mbuyomo. Akupita kumzikiti m'bandakucha, Amidu anaona nyenyezi yachilendo pamwamba pa mapiri a ku Namwera, mutu uli ngwee, mchira utatambalala ngati tsache. Zaka makumi awiri anali atajambula akwati, makanda olira ndi anyamata otsamira njinga zobwereka. Chinthu chokongola chonchi anali asanachilozepo ndi kamera.

Tsiku loyamba filimu inatuluka yakuda bii. Lachiwiri dzanja linanjenjemera, nyenyezi n'kutuluka ngati nyongolotsi. Lachitatu anamangirira kamera pampando ndi mphira ya njinga, n'kuitsegula diso uku akuwerenga chamumtima, osapuma. Atatsuka chithunzicho anakhala pansi, misozi ili lengelenge. Anachipachika pazenera, ndipo anthu ankachokera mpaka kwa Mponda kudzachiona.

Kenaka kunayamba manong'onong'o oti nyenyezi ya mchira imalosera maliro a munthu wamkulu. Palibe amene ankatchula kuti wamkuluyo ndani. Panalibenso amene ankafunsa.

Lamulungu a Blackson, tcheyamani wa nthambi ya Chipani, anaitanitsa msonkhano. "M'dziko la bata ndi mtendere mulibe nyenyezi ya mchira," iwo anatero, chala chili m'mwamba koma maso ali pansi. "Amene waiona abwere adzatiuze kuti wamuonetsa ndani."

Kuchokera tsiku limenelo Mangochi yense ankayenda chowerama. Asodzi, amene ankakhala nayo panyanja mpaka kucha, ankalumbira kuti kumwamba kuli mitambo yokhayokha. Nyenyeziyo, posadziwa za msonkhano, inkatulukabe m'mawa uliwonse.

Amidu anachotsa chithunzi pazenera. Mkazi wake anamuchonderera kuti achiotche, iye n'kuvomera, koma anakachibisa pamodzi ndi negetivu yake m'chitini cha mankhwala otsukira zithunzi. Akakhala yekha ankachitulutsa n'kumachiyang'ana.

"Si munati munaotcha?" anafunsa Abiti Bakali tsopano, ataona chitinicho m'manja mwa mwamuna wake. "Mwaiwala aphunzitsi a Ibrahimu? Chaka chachinayi chino, ana awo sakudziwa n'komwe ndende imene ali."

Amidu sanaiwale. A Ibrahimu anatengedwa chifukwa chokulunga usipa m'tsamba la nyuzipepala limene linali ndi chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko.

Panja kunamveka kulira kwa injini. Amidu anathamangira kuseri, kumene tiyi anali pambaula. Anaphula ketulo n'kuponya chithunzi ndi negetivu pamoto. Negetivu inafwanyika kamodzi n'kamodzi n'kusanduka utsi wonunkha. Chithunzi chinachedwerapo: moto unayamba kumapiri, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kumchira. Anaganiza za ana ake anayi, n'kuvundula phulusa ndi kamtengo.

Atabwerera anapeza alendo atalowa kale. A Blackson anali thukuta kamukamu. Wa suti yakuda uja anali wamtali, wosaseka, ndipo ankayang'ana zithunzi za pakhoma chimodzichimodzi ngati akufunafuna m'bale wake.

"Che Amidu," anayamba a Blackson, "abwanawa achokera kutali. Abwerera chithunzi chija."

"Chithunzi chiti, a Tcheyamani?"

"Cha nyenyezi."

"Nyenyezi iti?" Amidu anatambasula manja. "Ine ndimajambula maukwati. Si inu nomwe munatiphunzitsa kuti kuno kulibe chinthu chotero?"

A Blackson anatsokomola. Anamutsinzinira diso, n'kupukusa mutu pang'ono. Amidu anamvetsa: akumuuza kuti sizikukwanira, awonjezere moto. Nayenso mkuluyu anali ndi ana, ndipo nthambi yake inali pamayeso.

"Anthu akuti munachipachika pazenera apa," anatero mlendoyo, koyamba kutsegula pakamwa.

"Abwana, inali filimu yowonongeka. Nditazindikira zimene anthu oipa mtima ankanena, ndinaiotcha ndi manja angawa. Negetivu yomwe. Phulusa lili kuseriku, likadali lotentha, kaoneni."

"Munaotcha?"

"Psiti! Ndipo nditaipezanso ndingaiotche kawiri." Mawu tsopano ankangobwera okha, ndipo Amidu anawakweza kuti amve ngakhale anthu amene anaunjikana pakhomo. "Khadi langa la Chipani ili. La mayi awa ili. Ngakhale khanda lathu lili nalo. Chinyenyezi chimenecho n'chatsoka, n'chonyansa, n'cha zigawenga! Munthu wokonda dziko lake sangachiyang'ane, ndipo amene angachilemekeze ndi mdani wa Malawi!"

Abiti Bakali anapumira m'mwamba. Amidu anamva mtima wake ukubwerera m'malo mwake: anali asanayankhulepo bwino chonchi chibadwire. Chomwe chinangomudabwitsa n'choti a Blackson anali atakhala pansi pa benchi ya akwati, manja ali kumutu.

Mlendoyo anatulutsa kabuku ndi cholembera, mosafulumira.

"Ine ndatumidwa kuchokera ku likulu," iye anatero. "Akuluakulu agamula kuti nyenyeziyi yabwera kudzalonjera Mtsogoleri wathu, ndipo chithunzi chanu chimafunika kuti chisindikizidwe pa nsalu ya amayi a Chipani ya chaka chino." Anatsegula tsamba loyera. "Tabwerezani pang'onopang'ono, bambo. Mwati nyenyeziyi ndi ya yani?"