Mpando Wotsala pa Ndege ya ku Lodwar

Makatoni a mankhwala anali atalowa kale m'ndege pamene Lusekero Mhango anaona mzungu wokalamba uja akugwada pansi pa phiko.

Pa bwalo la ndege la Wilson, ku Nairobi, palibe amene sankawadziwa a Torvald Ekengren. Kwawo ku Sweden anatha zaka makumi anayi akujambula ndi kuyesa mapiko a ndege. Atapuma pa ntchito, anabwera ku Nairobi kudzaphunzitsa amakaniko, nakhazikika ku Lang'ata. Vitus, makaniko wa ku Dedza amene anaphunzira m'manja mwawo, ankati mkuluyu bawuti yomasuka amaimva ndi khutu.

Lusekero anali pa ulendo wa ku Lodwar, m'dera la Turkana kumpoto kwa Kenya. Kachipatala kamene bungwe lake linamanga kankatsegulidwa masana omwewo. Anakavutikira zaka zitatu, ndipo diresi la mwambowo anasoketsa mwezi watha.

A Ekengren anagogoda phiko ndi chala, namvetsera. Anapukusa mutu pang'ono, nagogodanso. Kenako anasaina pepala n'kulipereka kwa woyendetsa ndege, mayi wansangala wa ku Kenya komweko, dzina lake Wanjiru.

"Mzee, mpando umodzi watsala," anatero Wanjiru kwa mkuluyo. "Tiyeni mukaone ku Turkana, tibwerera lero lomwe."

Nkhope ya mkuluyo inasintha. Anabwerera m'mbuyo, manja ali m'mwamba.

"Ine ayi. Pitani nokha."

Lusekero anaziona zonsezi. Munthu wodziwa ndege kuposa onse pabwalopo wagogoda, wapukusa mutu, ndipo wakana kukwera. Anakumbukira mwana wake Chiyamiko, amene anamusiya pa geti ya sukulu ku South C m'mawa uja akudandaula za nsapato yothina.

Anakoka Vitus pa dzanja la ovolosi.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Ndegeyi ili bwino?"

"Asaina a Ekengren, achemwali. Kwerani basi."

"Nanga iwowo akukaniranji?"

Vitus anatsegula pakamwa, koma injini inalira, iye n'kuthamanga kukachotsa zotchingira matayala.

Lusekero sanachedwe. Anatulutsa chikwama chake m'ndege, nauza Wanjiru kuti mutu wamuwawa mwadzidzidzi, mankhwalawo akawalandira anamwino. Wanjiru anamuyang'ana modabwa, namupepesa m'Chiswahili kuti, "Pole sana," n'kutseka chitseko.

Ndege inathamanga, inanyamuka bwinobwino, inakhota pamwamba pa paki ya nyama n'kulowera kumpoto. Lusekero anaiperekeza ndi maso mpaka inasanduka kadontho. Kenako anaganiza za Wanjiru ndi anthu atatu amene anawasiya mkatimo, mtima n'kumutsutsa. Ngati pali vuto, ayenera kuwabweza.

Anawapeza a Ekengren atakhala pa mgolo wa oilo, akumwa tiyi ndi mandazi.

"Pepani bambo, mundiuze. Mwapeza chiyani pa phiko lija? Muli anthu mmenemuja."

Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Phiko lija? Ndi labwino kwambiri. Ndinangodabwa kuti Vitus wayamba kundiposa."

"Ndiye mwakaniranji kukwera?"

A Ekengren anafiira mpaka m'makutu. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Mwana wanga, chibadwire ine sindinakwerepo ndege. Ndimaopa. Kuno ndinabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Mombasa, masabata asanu."