Dzanja Lonjenjemera pa Sikani

Mafuta ozizira a sikani atangomugwera pamimba, mayi wina wogwira ntchito ya utelala anakukuta mano. Inali mimba yake yoyamba, ya miyezi isanu. Bambo a mwanayo anali atatsalira panja, kusaka poimika galimoto.

Mayi wounika sanamupatse n'komwe moni. Ankangoyendetsa kachipangizo pamimbapo, maso ali tong'o pa sikirini. Dzanja lake linkanjenjemera.

"Asisitala, zili bwanji?"



Kachipangizo kaja kanaima pamalo amodzi. Mayiyo anayeza, n'kufufuta, n'kuyezanso.

"Impso yakumanzere ya mwanayu yatupa pang'ono, pamalo pamene mkodzo umasonkhana usanatsikire m'chikhodzodzo," anatero chapansipansi. "Sizachilendo. Nthawi zambiri zimatha zokha."

Msozi unadontha n'kugwera pa yunifolomu yake.

Alipo munthu amalirira chinthu chotha chokha? Telala anakumbukira timalaya tomwe anali atasoka kale, tokhala ndi mabatani ang'onoang'ono ngati maso a nsomba. Mwanayo anagunda m'mimba, iye n'kugwirapo ndi manja onse awiri.

"Ndiitanireni adokotala. Chonde!"

Adokotala, bambo wa imvi, anabwera akupukuta magalasi. Anayang'ana pa sikirini, nawonso n'kuyeza.

"Aa, kakang'ono aka. Mwina mkuluyu akungoumira mkodzo," anaseka. "Impso inayo ili bwino, madzi a m'chiberekero ndi okwanira, mtima ukugunda ngati wa wothamanga. Tidzaunikanso mimba ikakula, komanso akabadwa. Kagoneni tulo, mayi."

Anatuluka akuimba mluzu.

Koma telala sanakhutire. Anali atamvapo kuti madokotala ena amaseka pofuna kubisa zoopsa. Nanga mayi wounikayu, yemwe anayamba kuona, bwanji anali chizolikire, mapewa akugwedezeka? Anamugwira pamkono mwamphamvu.

"Ndinu mayi mnzanga, musandibisire. Mwana wanga afa?"

Mayi wounika anayang'ana kumbali.

Chitseko chinatseguka. Bambo a mwana aja analowa akumwetulira, makiyi ali m'manja.

"Pepa wokondedwa, malo oimika…"

Anaima chilili. Makiyi anagwa pansi.

Mayi wounika anatenga tishu n'kuyamba kupukuta mafuta pamimba pa telala, pang'onopang'ono, mosamala.

"Adokotala sananame, achemwali. Mwana wanu sali pangozi," anatero.

Kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana pakhomo.

"Simunadziwe kuti lero ndikugwirira mnzanga ntchito kuno, eti? Ndinakuonani pawindo mukutsegulira mayiyu chitseko cha galimoto. Lowani, amuna anga, mudzamuone mwana wanu."