Apongozi Asamba m'Manja

Apongozi aamuna sanadzutse n'komwe mutu pamene mayi wa khanda analowa m'chipinda chawo chogwiriramo ntchito. Anali atawerama patebulo, akulowetsa tizidutswa ta galasi tofiira ndi tobiriwira m'timizere ta mtovu, kupanga zenera la pachitseko cha nyumba ya munthu wina. Utsi wa chitsulo chowotcherera unkatsamwitsa. Zala zawo zinali bii, zikhadabo ngati amakumba nazo makala.

Mayiyo sanabwerere magalasi. Chibadwire mwanayu, azilamu ake ankanong'onezana kuti mphuno imeneyo si ya kwawo, ndipo mwamuna wake, amene ankagwira ntchito kutali, anali atayamba kuyankha foni mwachidule. Agogo akanangomunyamula mdzukulu anthu akuona, miseche yonse ikanathera pomwepo.

Anagwada n'kutsitsa mwana kumsana.

"Bambo, ndabwera naye mlendoyu kuti mumuone."

Akuwapatsira, kaphazi ka mwanayo kanakhudza malaya awo. Mkuluyo anadzidzimuka ngati wapsa, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kugunda tebulo. Magalasi anachita phokoso.

"Tulukani naye! Msanga!"

Mayiyo anatuluka naye. Pakhonde azilamu ake awiri anali atakhala kale, ndipo anayang'anizana mokhutira ngati anthu amene awina mlandu.

Kenako apongozi anatulukira khomo lakuseri n'kulunjika kumpopi. Mayiyo ankaona zonse. Mkuluyo anavula malaya aja n'kuwaponya m'beseni. Anatenga sopo ndi burashi, n'kuyamba kukwecha manja, zikhadabo, mpaka m'zigongono. Anatsukuluza, n'kuyambiranso. Anasukusula, anachukucha m'kamwa, n'kulavula.

Mayiyo anayamba kudzifunsa. Munthu amene amapukutira thukuta ndi mamina kumalaya omwewo, lero akunyansidwa ndi khanda losamba bwino, lonunkhira mafuta? Anthu amamutama kuti mawindo ake amalowetsa kuwala kokongola m'nyumba za eni, osadziwa kuti mwini wakeyo ndi wauve mpaka mumtima. Ananyansidwa nawo mkuluyo, ananyansidwa ndi azilamu ake, ndipo anadzida yekha kuti anagwadiranji pafumbi loterolo. Anatsonya mokweza kuti onse amve, n'kuberekanso mwana wake. Ukwati uthe ngati ukutha, koma phazi lake silidzapondanso pakhomo limeneli.

Atangogwira geti, anamva mapazi akuthamanga kumbuyo kwake. Anali apongozi, atavala malaya oyera, madzi akuchucha kundevu. Anatambasula manja ofiira ndi kukwecha.

"Tsopano ndipatseni mdzukulu wanga, mayi," anatero. "Mwamuna wanu si mwana wanga woyamba. Woyambayo ndinkamunyamula ndili pantchito, akundiyamwa zala za mtovu, ine osadziwa kuti mtovu ndi poizoni, ndipo ndinamuika m'manda asanayambe kuyenda."