Paipi Yolira ku Matero

Tsiku lachitatu linamupeza Lazarous adakali chogwada m'chipinda chapansi cha nyumba ya a Moven ku Matero, msana ukuwawa ngati wagonera miyala. Kale m'chipindamo ankasungiramo mabelo a salaula, zovala zakaunjika zija. Tsopano munali thanki yosefera madzi, pampu, ndi mapaipi awiri obowola denga: ina yotsitsa madzi a mchere kuchokera m'galasi la nsomba pabalaza, ina yowabweza kumwamba.

Nsomba za m'nyanja ya mchere, mu Lusaka muno, momwe madzi a pampopi amabwera akafuna okha! Koma ndani angamufunse mwini maminibasi asanu? A Moven anagula zonsezi kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Thanki yoseferayo itawoletsa kabati pabalaza, anati itsikire pansi. Ponyamuka ulendo wa ku Dar es Salaam anasiya mawu ochepa: "Mukaigwira bwino iyi, ba Lazarous, mapaipi ya mumaflati yanga ku Lilanda yonse ni yanu."

Maflati asanu ndi atatu! Chigulitsireni kampani ya boma imene ankagwirako, zaka zinayi zathunthu, Lazarous anali asanapezepo ntchito yofika sabata. Anali atatopa, kutopa kwenikweni, ndi kuima pamsika ndi chikwama cha masipanala kudikira munthu wa chimbudzi chotsekeka.

Ntchito inali itayenda, popanda podontha. Chotsala chinali phokoso. Paipi yotsitsa madzi inkameza mpweya n'kumalira gudugudu, kenaka fwaaa, n'kuyambiranso. Inkalira choncho iye asanaigwire n'komwe, koma mmisiri wa zaka makumi awiri pantchito sanganene kuti ndinaipeza ikulira. Paipi yolira ndi manyazi a amene waisiya.

Ndiye panali a Chabwera, bambo awo a Moven, amene kale ankayendetsa malole a ku Beira. Kukangocha ankawakhazika pampando patsogolo pa galasilo, ndipo sankachokapo. Lazarous akakwera kudzapereka moni, mkuluyo ankangotukula dzanja osamuyang'ana, mutu utapendekera kumene kunali paipi, chipumi chili makwinya okhaokha. Lazarous sanafune womasulira. Dzanjalo linkati: khala chete, imva wekha ntchito yako. Zinamuwawa mpaka m'mafupa.

Anayesa kuchepetsa madzi pa valavu. Madzi a m'galasi anakwera mpaka pamlomo, mtima wake n'kukwera nawo, ndipo anatsika masitepe chothamanga kukatsegula. Anasintha mokhotera paipi, sizinathandize. Mchere unamung'amba zala. Masana ankadya fulitasi imodzi ali chiimire, akutukwana mzungu amene sanamuonepo.

Tsiku lachinayi nzeru zinabwera. Anaboola kadzenje kopumira pamwamba pa paipi, namiza mlomo wake wapansi m'madzi a m'thanki kuti asamagwe mwaphokoso. Mapaipi onse anawakulunga ndi mphira wa chubu cha tayala. Atakhutira, anamata chilichonse ndi guluu uja wosamatuka, natseka bowo la padenga ndi simenti. Anatero mwadala, kuti wina asadzagwiregwire n'kuwononga.

Anayatsa pampu. Zii.

Anatchera khutu kufikira litaliralira lokha. Madzi ankatsika, ankakwera, osamveka ngakhale pang'ono. Lazarous anakhala pa sitepe, misozi ili pafupi. Anaganiza za mkazi wake Maud, amene miyezi yonseyi anali ataleka kumufunsa kuti zayenda bwanji. Lero akamuuza asanafunse.

A Moven anafika dzuwa litapendeka, fumbi la ulendo lili m'tsitsi. Lazarous anawatsata pabalaza akupukuta manja pa ovololo, akudziletsa kumwetulira. Nsomba zachikasu ndi zabuluu zinkayandama m'madzi oyera mbee, m'nyumba monse muli bata ngati m'tchalitchi mkati mwa sabata. A Moven anaima pakati pa chipinda, chikwama chili m'manja.

A Chabwera ndi amene anayamba. Anatambasula dzanja, napapasa mumphepo mpaka zala zitagunda galasi.

"Moven, ndiwe? Magetsi apita kodi? Chiyambire masana nyanja yanga sindikuimva."

A Moven anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ba Lazarous, mwachita chani? Batate banga sibaona, maso yanafa. Nsomba izi sibanaonepo olo imodzi. Ninagula vonse ivi chifukwa cha kulira kwa manzi kuja."